scp, rsync, tar kapena lftp: foda yonse ikafike bwanji pa seva?

Webusayiti mwaimaliza pa kompyuta yanu, foda ili apo ndi mafayilo ake mazanamazana, ma HTML, ma CSS, zithunzi, mafoda ena ali mkati mwa anzawo, nde funso nkumati zonsezi zikafika bwanji pa seva osasiyako kanthu. Ambirife tinayambira pa FileZilla, pulogalamu yokwezera mafayilo pa seva, kukoka ndi mausi nkuponya mbali inayo, ndipo imagwira ntchito bwinobwino. Koma mukafika poti mukukweza kanayi kasanu pa tsiku, kapena mukufuna script izichita yokha inu muli mtulo, basi pamenepo terminal, zenera lolembamo ma command, simungaithawe. Njira zilipo zingapo ndipo sizofanana mphamvu, zina ndimazikonda zina ndimangozigwiritsa poti palibe chochitira.

Musanasankhe dziwani kaye chinthu chimodzi, seva yanu imalola SSH, njira yotetezedwa yolowera pa seva muli kutali, kapena ndi FTP yokha, njira yakale yongotumizira mafayilo. Zonse zagona pamenepa. Ngati muli ndi VPS yanuyanu, seva yomwe mumailamulira nokha, ndiye SSH ilipo, pa port 22 ngati simunasinthe. Ngati ndi hosting ija yogawana ndi anthu ena ambiri pa makina amodzi, mwina anakupatsani FTP basi, kapena SFTP yopanda shell, kutanthauza kuti mutha kutumiza mafayilo kudzera mu SSH koma simungayendetse ma command pa seva, ndiye njira zina apa zikukanirani olo mutayesa bwanji.

Tiyambe ndi scp poti ndi imene aliyense amayamba kuidziwa. Imabwera limodzi ndi OpenSSH, yomwe inatuluka koyamba mu 1999, ndiye pa Linux ndi macOS ilipo kale, ndipo Windows 10 nayo inayamba kubwera nayo kuyambira 2018. Kalembedwe kake nkofanana ndi cp, command yokopera mafayilo, kungowonjezera dzina la seva:

scp -r tsamba ine@example.com:/var/www/html

Ka -r ako nkamene kakuiuza kuti ilowe mmafoda onse a mkati. Ubwino wake ndi womwewo, palibe choyika, palibe chophunzira chambiri, kukweza kamodzi basi mwathana nazo. Koma ili ndi tizinthu tomwe timapweteketsa mutu. Choyamba, ngati foda ya html ilipo kale pa seva, zinthu zanu zikagwera mu /var/www/html/tsamba, koma ngati kulibe, scp ipanga html nkuthira za mkati mwa tsamba mmenemo, kutanthauza kuti command yomweyomweyo mukaiyendetsa kawiri zotsatira zimasiyana, ulendo woyamba zili malo oyenera ulendo wachiwiri zalowa foda ina mkati, inu nkumadabwa kuti bwanji webusayiti siikusintha. Anthu pothawa zimenezi amalemba tsamba/* koma apanso pali msampha, kanyenyezi aka sikatenga mafayilo oyamba ndi kadontho, ndiye .htaccess, fayilo ya ma setting a webusayiti pa seva, imatsala pa kompyuta yanu, ma link onse pa webusayiti nkuyamba kupereka 404, uthenga woti tsamba silinapezeke. Port nayonso, pa ssh ndi -p wamng'ono pa scp ndi -P wamkulu, chifukwa -p wamng'ono pa scp amatanthauza kusunga nthawi ndi ma permission a fayilo.

Chachikulu chomwe ndimaidandaula nacho scp nchoti siiganiza. Mwasintha mzere umodzi mu fayilo imodzi, iyo itumizanso foda yonse. Netiweki yaduka itatsala pang'ono kumaliza, muyambirenso pachiyambi. Mwafufuta fayilo kwanu, pa seva ikhalabe mpaka kalekale. Kuyambira OpenSSH 9.0 ya mu 2022 scp inasiya protocol yake yakale nkuyamba kuyenda pa SFTP kunsi kwake, zomwe zinathandiza pa chitetezo, ndipo mukakumana ndi seva yakale yomwe ikukana mumayika -O kuti ibwerere ku yakale ija, koma khalidwe lotumiza zonse nthawi zonse silinasinthe.

sftp sinditayapo nthawi yambiri. Mumalowa ndi sftp ine@example.com, kenako put -r tsamba, ndipo ili ndi reput yopitiriza fayilo yomwe inadukira panjira. Imathandiza mukafuna kuyamba mwayang'ana kaye za pa seva ndi ls ndi cd musanaponye kanthu, komanso pa hosting ija yopanda shell. Kungoti musaisokoneze ndi FTPS, mayina akufanana koma ndi zinthu ziwiri zosiyana, SFTP imadutsa mu SSH pomwe FTPS ndi FTP yakale yomwe anaiveka TLS, njira yobisa data panjira.

Tsopano rsync, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa kwa ine ngati SSH ilipo yankho ndi limeneli pafupifupi nthawi zonse. Anailemba Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras mu 1996, nthawi imene ma line a intaneti anali ochedwa kwambiri, ndiye maganizo onse anali oti tisatumize chinthu chomwe mbali inayo ili nacho kale. Imayamba yafananiza kukula kwa fayilo ndi nthawi yomwe inasinthidwa komaliza, zikafanana imaidumpha. Zikasiyana siitumiza fayilo yonse ayi, mbali yolandira imagawa fayilo yakale mtizidutswa nkuwerengera checksum, nambala yoimira za mkati mwake, ya kachidutswa kalikonse, mbali yotumiza nkufufuza tizidutswa tomweto mu fayilo yatsopano, nkutumiza zokhazo zomwe sizinapezeke. Ndiye ulendo woyamba umatenga nthawi ngati scp yomwe, koma wachiwiri, wachitatu, mumangoona masekondi angapo yatha.

rsync -avz tsamba/ ine@example.com:/var/www/html/

-a imasonkhanitsa zingapo pamodzi, kulowa mmafoda, kusunga ma symlink (timafayilo tongoloza ku fayilo kapena foda ina), ma permission, nthawi, gulu ndi mwini fayilo, ngakhale za mwini zimatheka pokhapokha mbali inayo muli root, akaunti ya mphamvu zonse pa seva. -v ndi yoti izikuuzani zomwe ikuchita, -z imapanikiza data panjira, zomwe zimathandiza pa HTML ndi JavaScript koma pa ma JPEG ndi mavidiyo phindu ndi lochepa poti anapanikizidwa kale. Mukawonjezera -P muziona mmene ikuyendera komanso ikaduka imasunga gawo lomwe linafika kuti ipitirize pomwepo. Port ina mumalemba -e "ssh -p 2222".

Koma yang'anitsitsani ka slash kali kumapeto kwa tsamba/ ako. Kakakhalapo mukunena kuti tumiza za mkati mwa fodayi, kakasowa mukunena kuti tumiza foda yeniyeniyo ndi dzina lake, ndiye ikapanga /var/www/html/tsamba. Ena amati ndi chosokoneza, ine ndimaona kuti ndi chabwino kuposa za scp zija, chifukwa lamulo lake ndi limodzi, silidalira kuti pa seva pali chani, ndipo ndi slash mafayilo a kadontho amapita nawo onse.

Pamene rsync imaposa zinzake kwambiri ndi pa --exclude ndi --delete. Mu foda ya ntchito mumakhala zinthu zomwe siziyenera kufika pa seva, .git, node_modules yomwe imatha kukhala ndi timafayilo masauzande ambirimbiri, komanso .env momwe muli ma pasiwedi a database ya pa kompyuta yanu. Mumangolemba --exclude=.git --exclude=node_modules --exclude=.env kapena kuziika zonse mu fayilo imodzi nkuitchula ndi --exclude-from. Pomwe --delete imafufuta pa seva chilichonse chomwe kwanu kulibe, kuti mbali ziwirizi zifanane ndendende. Ndi yofunika, chifukwa mafayilo akale a PHP oiwalika pa seva ndi amene akuba amalowerapo. Koma ndi yoopsanso zedi. Ine inandipweteka tsiku lina pa webusayiti yomwe eni ake ankaikamo okha zithunzi, zithunzizo zinali pa seva pokha mu foda ya uploads, kwa ine kunalibe, nde rsync inachita zomwe ndinaiuza, inazichotsa zonse. Backup inalipo koma ya masiku angapo mmbuyo, zina sizinabwerere, ndipo kukauza munthu kuti ntchito yake yapita chifukwa cha mzere umodzi womwe ndinalemba mothamanga zinandiwawa kwambiri mpaka pano ndimakumbukira. Kuyambira pamenepo sindiyendetsa --delete ndisanayambe ndi -n:

rsync -avzn --delete --exclude=uploads tsamba/ ine@example.com:/var/www/html/

-n siikhudza kanthu, imangolemba zomwe ikanachita, ndiye mumawerenga mizere yonse yoyamba ndi deleting, mukakhutira nkuchotsa n uja. Chomwe mwachiika pa --exclude sichifufutidwa pa seva pokhapokha mutawonjezera --delete-excluded, ndiye kwa a WordPress wp-content/uploads izikhala pa exclude nthawi zonse. Palinso --max-delete yoika malire a mafayilo omwe ingafufute ulendo umodzi, ndi --backup pamodzi ndi --backup-dir zomwe zimasamutsira zofufutidwazo ku foda ina mmalo mozitayiratu. Mu script yoyenda yokha musasiye zimenezi, chifukwa tsiku lomwe build, ntchito yopanga mafayilo omalizidwa a webusayiti kuchokera ku code, yalephera nkusiya foda yopanda kanthu, rsync ikafananiza seva ndi foda yopanda kanthuyo.

Ma permission nawonso amavuta anthu. Poti -a imatenga ma permission a kwanu, fayilo yomwe ili 600 pa laputopu, kutanthauza kuti mwini yekha ndi amene angaiwerenge kapena kuilemba, ikafika 600 pa seva, Apache kapena Nginx, pulogalamu yopereka webusayiti kwa alendo, yomwe pa Debian ndi Ubuntu imayenda ngati www-data nkulephera kuiwerenga, inu nkuona 403, uthenga woti mwakanizidwa. Mankhwala ake si chmod 777 chonde, ameneyo amatsegulira aliyense pa makinawo kuti alembe mmafayilo anu. Ikani --chmod=D755,F644 kuti mafoda akhale 755 mafayilo 644 akamafika. Kenanso, ngati build yanu imalembanso mafayilo onse mwatsopano ulendo uliwonse, nthawi zawo zimasintha ndiye rsync imawaona onse ngati osintha, apo -c imathandiza poti imafananiza checksum mmalo mwa nthawi, kungoti imayenera kuwerenga fayilo iliyonse mbali zonse ziwiri ndiye pa foda yaikulu imachedwerapo.

Zofooka zake zilipo. Iyenera kukhala mbali zonse ziwiri, pa seva ikasowa mungoona command not found, ndipo pa hosting yopanda shell simungaiike. Pa Windows siibwera yokha, njira yosavuta ndi kudzera mu WSL, yomwe imayendetsa Linux mkati mwa Windows. Pa macOS kwa zaka zambiri Apple inkaika mtundu wakale wa 2.6.9, ndiye ma option ena atsopano ngati --info=progress2 ankakana, ambiri amangoika ina kudzera mu Homebrew, pulogalamu yoikira mapulogalamu pa Mac.

Pali nthawi imodzi yomwe ndimaisiya kaye rsync nkutenga tar, ndi pamene ndikukweza koyamba foda ya timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri. scp ndi sftp pa fayilo iliyonse zimayamba zakambirana ndi seva, tsegula, lemba, tseka, ndiye seva ikakhala kutali nthawi yambiri imathera podikira mayankho osati potumiza data. tar, yomwe ilipo kuyambira 1979 ndipo poyamba inali yolembera pa matepi, imamanga zonse kukhala mtsinje umodzi:

tar -C tsamba -czf - . | ssh ine@example.com "tar -xzf - -C /var/www/html"

Kamzere kali pambuyo pa f ako kakutanthauza kuti isalembe fayilo pa disk, ingothira mu pipe, mbali inayo tar ina ikumasula pomwepo. Imathamanga kwabasi, ndipo tar ili pa seva ya Linux iliyonse. Koma ikaduka mwayambiranso, siifufuta zakale, siidziwa zomwe zasintha. Ndiye ine ndimaitenga ngati galimoto yosamukira, tsiku loyamba lokha, masiku enawo rsync. A macOS dziwani kuti tar yanu imatha kuwonjezera timafayilo toyamba ndi ._ tomwe pa Linux ndi zinyalala chabe, ikani COPYFILE_DISABLE=1 kutsogolo kwa command kuti tisapite nawo.

Nanga amene ali ndi FTP yokha? FTP ndi yakale kwambiri, inayamba mu 1971 ndipo malamulo ake omwe akugwirabe ntchito analembedwa mu 1985, nthawi yomwe za kubisa pasiwedi panjira sizinali mmaganizo, ndiye dzina ndi pasiwedi yanu zimayenda poyera pa port 21. Ngati hosting yanu ili ndi SFTP kapena FTPS sankhani zimenezo. Pulogalamu ya ftp wamba ija ili ndi mput koma siilowa mmafoda a mkati, ndipo curl ndi -T imatumiza mafayilo omwe mwatchula okha, kuti itenge foda yonse muyenera kuizunguliza ndi find nkuwonjezera --ftp-create-dirs, zimatheka koma ndi ntchito yosafunika pomwe lftp ilipo.

lftp -u ine -e "mirror -R tsamba /public_html; quit" ftp.example.com

lftp ndi imene imayandikira rsync ku mbali ya FTP. mirror imafananiza mafoda awiri, imadumpha zomwe sizinasinthe, ili ndi --delete, --dry-run, --exclude-glob, ndipo netiweki ikaduka imayesanso yokha. --parallel=4 imatumiza mafayilo anayi nthawi imodzi, zomwe pa FTP zimasintha zinthu kwambiri, kungoti ma hosting ena amaika malire a ma connection ndiye musakweze nambala mopitirira. Imalankhulanso SFTP mukalemba sftp:// kutsogolo kwa dzina la seva, ndiye pa hosting ya SFTP yopanda shell iyi ndi imene ndimatenga osati sftp wamba. Kuti ikane kulowa popanda TLS pa FTP lembani set ftp:ssl-force true. Chenjezo lalikulu ndi -R, amene akutanthauza kuti kuchokera kwanu kupita pa seva. Mukamuiwala mirror imayenda chobwerera, kukoka za pa seva kubwera kwanu, ndipo ngati pali --delete ndi mafayilo a pa kompyuta yanu amene ali pangozi. Komanso siitumiza tizidutswa ngati rsync, fayilo ikasintha imapita yonse, ndipo nthawi za mafayilo pa FTP sizodalirika kwenikweni ndiye nthawi zina imatumizanso zomwe sizinasinthe. Pasiwedi musamailembe pa command penipeni chifukwa imatsala mu history ya shell, isiyeni ikufunseni kapena muiike mu ~/.netrc yomwe ili 600. ncftpput -R nayo imakweza foda yonse pa mzere umodzi, ndi yophweka, koma zofananiza ndi kufufuta lftp ndiye mwini wake.

rclone ndi ya masiku ano, anayambitsa Nick Craig-Wood, ndipo imafunika pamene komwe mukutumiza si seva ya SSH koma malo osungira mafayilo pa intaneti ngati Amazon S3, Google Cloud Storage kapena WebDAV, ngakhale SFTP ndi FTP imazidziwanso. Mumayamba ndi rclone config kupatsa dzina komwe mukutumizako, kenako rclone copy tsamba dzina:foda. copy siifufuta, sync imafufuta, ndiye apanso --dry-run choyamba. Imatumiza mafayilo anayi nthawi imodzi ngati simunasinthe --transfers, ndipo imayenda pa Windows popanda WSL, chomwe kwa ena ndi chifukwa chokwanira. Za slash kulibe, nthawi zonse imatenga za mkati mwa foda. Koma pa VPS wamba sindiona chifukwa choisankhira kusiya rsync, poti fayilo yosintha imaitumiza yonse ndipo ma permission siiwasamala ngati rsync.

Ena amati bwanji osangogwiritsa git. Zimatheka, mumapanga push kenako pa seva git pull, kapena mumaika bare repository pa seva, yosunga mbiri yokha popanda mafayilo ogwirapo ntchito, ndi hook ya post-receive, script yomwe imayenda push ikafika, yomwe imatulutsa mafayilo ku foda ya webusayiti. Ndimaikonda pa chinthu chimodzi, mumadziwa commit yomwe ili pa seva ndipo kubwerera mmbuyo nkosavuta. Koma git, yomwe Linus Torvalds analemba mu 2005, anaipangira kusunga mbiri ya code osati kunyamula mafayilo. Mafoda opanda kanthu siiwasunga, pa ma permission imangodziwa ngati fayilo ndi yoyendetsedwa kapena ayi, mavidiyo ndi zithunzi zazikulu zimailemetsa, ndipo zotuluka mu build nthawi zambiri zili mu .gitignore ndiye muyenera kupanganso build pa seva. Choopsa kwambiri ndi kupanga clone mkati mwa /var/www/html momwemo, chifukwa foda ya .git imakhala poyera, munthu wodziwa atha kukoka code yanu yonse ndi mbiri yake, ngakhale pasiwedi yomwe munaiika mwangozi chaka chatha nkuichotsa. Ngati mwasankha njirayi repository ikhale kunja kwa foda yomwe anthu amaona.

Chinthu china chomwe njira zonsezi zili nacho nchoti pomwe mafayilo akupita, webusayiti imakhala theka yatsopano theka yakale, mlendo atha kupeza HTML yatsopano ikufuna CSS yomwe siinafike. Pa tsamba laling'ono ndi masekondi chabe palibe amene angaone. Pa lalikulu rsync ili ndi --delay-updates yomwe imasunga mafayilo atsopano pambali nkuwaika mmalo mwake kumapeto, kapena mumakweza ku foda yatsopano ulendo uliwonse, mukamaliza nkusintha symlink kuti iloze kumeneko, zikavuta mumangoibweza ku foda yakale.

Ndiye ine mmene ndimachitira ndi motere. Fayilo imodzi kapena kafoda kakang'ono kongoponya kamodzi, scp. Kusamuka koyamba ndi katundu wambiri, tar pa ssh. FTP kapena SFTP yopanda shell, lftp. S3 ndi zinzake, rclone. Zina zonse zotsala, zomwe ndi zambiri mwa ntchito ya tsiku ndi tsiku, rsync. Ndipo kuti isamandifunse pasiwedi ulendo uliwonse ndimapanga key ndi ssh-keygen -t ed25519 nkuitumiza ndi ssh-copy-id, kenako mu ~/.ssh/config ndimalemba Host ndi dzina lalifupi, HostName, User ndi Port, ndiye scp, sftp, rsync ndi git zonse zimawerenga pomwepo, za -p ndi -P zija zimatheratu. Mzere wa rsync ndi ma exclude ake ndimausunga mu ka script mu foda ya ntchitoyo, kokhala ndi -n kale, moti kuti ikwezedi ndiyenera kuiuza mwadala. Ikamaliza ndimalowa pa seva nkupanga ls -la kuona ngati .htaccess yafika komanso ngati .env ya kwanga siinapite nawo.